Galimoto yakale ya malemu musayilize kapena kuyipenta musanaidziwe bwino

Akonzi,

Ndipatseniko danga ndilankhule ndi mabanja amene pa chuma cha masiye apezapo galimoto yakalekale, yoti yakhala pa njerwa zaka 20 kapena 30. Kawirikawiri wina amati tigulitse kwa ogula zitsulo, wina n'kumati timangemo batire tione ngati ilire. Onsewa athamanga magazi. Kukalamba pakokha sikukweza mtengo wa galimoto. Chimene ogula amalipirira ndi kusowa kwa mtunduwo, komanso umboni woti galimotoyo ndi yeniyeni.

Umboniwo umayambira pa manambala. Nambala yozindikiritsa galimoto, yotchedwa VIN, ya zilembo 17 inakhazikika mu 1981. Kumbuyoko kampani iliyonse inkalemba mwa njira yake, ndipo nambala ya chesisi imapezeka pa kachitsulo kokhomedwa mkati mwa boneti kapena pa felemu ya chitseko, nthawi zambiri yodindidwanso pa chitsulo cha galimotoyo. Pa Volkswagen Beetle ili pansi pa mpando wakumbuyo. Pukutani ndi kansalu konyika m'palafini ndi burashi yofewa. Sandipepa ayi, imafufuta zomwe mukufunazo. Lembani nambala ya chesisi, ya injini ndi ya giyabokosi, muzijambule, kenako muziyerekeze ndi zomwe zili pa mapepala. Timisomali togwira kachitsulo kaja tikaoneka tatsopano, kayikirani. Ma Mini wamba ambiri anasandutsidwa Cooper S, mtundu wa Mini wothamanga komanso wodula, pongosintha tizitsulo ndi mabaji.

Manambalawo atumizeni kwa osunga mbiri ya kampaniyo. British Motor Museum ya ku Gaydon ku England imapereka satifiketi ya galimoto monga Austin, Morris, MG, Triumph ndi Land Rover, yosonyeza tsiku limene inapangidwa, penti yake yoyamba, ndipo nthawi zambiri nambala ya injini. Jaguar Daimler Heritage Trust imachita chimodzimodzi, Mercedes-Benz nayo imasunga khadi la galimoto zake zakale. Ngati injini ili momwemo ndi yomwe inachokera nayo kufakitale, mtengo umakwera. Tinthu tating'ono timasiyanitsa kwambiri: Beetle ya zenera lakumbuyo logawika pakati inasiya kupangidwa mu 1953, ya zenera longa dzira mu 1957, ndipo ziwirizi sungaziyerekeze ndi ya m'ma 1970, yomwe ilipo yambirimbiri.

Tsono za injini. Musakhudze kiyi. Petulo wokhalitsa amasanduka phula lotseka kabuleta, oyilo amakhala atatsikira pansi yense, ndipo ma ring'i a pisitoni amamatirira ku silinda. Sitata ikakankha mwamphamvu, ring'i imathyoka n'kukanda silinda, basi mwawononga injini yomwe inali chuma chenicheni. Masulani mapulagi onse, thirani oyilo wopepuka wokwana supuni imodzi kapena ziwiri m'bowo lililonse, mudikire masiku atatu kapena sabata. Mukatero zungulitsani injini ndi manja, sipanala ili pa boti ya pule ya kirankishafuti, kagudumu kozunguza lamba m'munsi mwa injini. Ikakana musakakamize, onjezerani oyilo mudikirenso. Oyilo wa m'sampu, mosungira oyilo pansi pa injini, akaoneka ngati tiyi wamkaka, mwalowa madzi. Batire nalo lili ndi msampha wake: galimoto zambiri za ku Britain za zaka za m'ma 1960 zisanathe zimamanga waya wa pozitivu ku bodi, ndipo ma Beetle akale amayendera mavoti 6, osati 12. Pakakhalanso mawaya odyedwa ndi makoswe, moto ndi umenewo. Mabuleki muwaone ngati kulibe, matayala ngokankhira basi.

Chomwe chimadya ndalama kwenikweni ndi dzimbiri. Injini ndi mabuleki zimakonzeka pa mtengo woti ungawerengeretu, koma kuwotcherera bodi sikudziwika pothera. Chotsani makapeti, muone pansi popondapo, m'munsi mwa zitseko, m'buti pogona tayala la sipeya, ndi pomwe pamangidwa masipuling'i. Bayani ndi sikuludiraiva. Ikaboola, dziwani kuti chowola n'chachikulu kuposa chomwe chikuoneka, chifukwa dzimbiri limayambira mkati. Kulungani maginito m'kansalu muyendetse pa bodi: pamene sakugwira pali bodifila, phala lomatira bodi, wobisa ngozi yakale. Koma njirayi isakupusitseni pa Land Rover yakale, bodi yake ndi ya aluminiyamu. Pamenepo yang'anani chesisi ndi khoma lachitsulo la pakati pa injini ndi woyendetsa.

Pa mtengo, musatengere zomwe ogulitsa akutchula pa intaneti, aliyense amatchula zokhumba zake. Funani mitengo yomwe galimoto za mtundu, chaka ndi injini yomweyo zinagulidwira pa okushoni, monga ya Bonhams kapena RM Sotheby's. Kampani ya Hagerty, yoyerekeza mitengo ya galimoto zakale, imaika galimoto m'magulu anayi, 1 kukhala yopanda banga, 4 yoyenda koma yotopa. Yosayenda n'komwe ili pansi pa zonsezi. Tengani mtengo wa yokonzedwa bwino, muchotsepo ndalama za sipeya, kuwotcherera, penti ndi mipando. Pa galimoto zambiri, ndalama zotsala zimakhala zochepa, mwinanso kukonzako kumaposa mtengo wake, ndiye kugulitsa momwe ililimo kumapindula. Ferrari 250 GT California Spider yomwe inapezeka yosakonzedwa pa chuma cha banja la Baillon ku France inagulidwa pa ma euro 16.3 miliyoni mu 2015. Ndatchula imeneyi osati kuti mulote, koma kuti muone kuti odziwa amafuna penti ndi zikopa zoyambirira. Penti yatsopano yotchipa imangowapatsa maganizo oti mukubisa kanthu.

Musataye kanthu: makiyi, buku la sevisi, malisiti, zithunzi zakale, jeke, ngakhale baji yothyoka. Umwini uyambe wasinthidwa motsatira malamulo a chuma cha masiye, chifukwa wogula wanzeru salipira galimoto ikadali m'dzina la malemu. Wodzaika mtengo alembe lipoti lokhala ndi manambala ndi zithunzi, achibale onse aone, ndipo asakhale yemweyo amene akufuna kuigula. Podikira zonsezi, ikhale pouma podutsa mphepo, yofunditsidwa nsalu osati pulasitiki, handibuleki yomasula, matayala otchingidwa ndi mitengo.

Makaniko wa galimoto zakale