Kalata ya Abusa: Achikulire Athu Akuwonda

Okondedwa mwa Ambuye,

Mtendere wa Khristu ukhale nanu nonse. Akulu a mpingo atayendera milaga ya ku Kawale ndi ku Biwi, abwera ndi nkhani imene yandisowetsa tulo. M'makomo ambiri achikulire athu akuwonda, pamene m'nyumba zomwezo abambo lamba wasiya kukwana.

Inu a zaka za m'ma 40 ndi 50, masana mumadya tchipisi ndi kanyenya m'tauni, n'kutsirira chakumwa cha shuga, ndipo anthu akati "mwanenepatu, zikuyenda" mumakondwa. Mimba imeneyo imaitana BP ndi matenda a shuga. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO limati mchere usafike magalamu 5 pa tsiku, kasupuni ka tiyi kamodzi basi. Achinyamata, zimene mukuzolowera lerozi mudzakalamba nazo. "Kapena simudziwa kuti thupi lanu lili kachisi wa Mzimu Woyera?"

Koma chandilembetsa kalatayi ndi mbale ya agogo. Munawatenga kumudzi, munachita bwino. Nanga akudya chiyani? M'mawa mumawasiyira tiyi wopanda mkaka, nonse n'kubalalika, kubwera kutada. Madzulo mumawapatsa nyama yolimba mukudziwa kuti mano adatha, iwo n'kungonyowetsa mbamu mumsuzi. Kenako mumati agogo sakonda kudya. Limenelo ndi bodza, abale anga, ndipo ndi tchimo. "Musanditaye mu ukalamba wanga, musandisiye, pakutha mphamvu yanga." Musandiuze za kukwera mitengo kwa zinthu pamene ya mayunitsi simusowa.

Munthu akamakalamba minofu imachepa, njala ndi ludzu samazimva msanga, choncho sapempha. Muwaphikire phala la mgaiwa lothira nsinjiro, nyemba zofewa bwino, usipa wosinja, nkhwani wotendera, dzira likapezeka, nthochi kapena papaya. Pang'onopang'ono koma kangapo pa tsiku, madzi akumwa ali pambali. Wina akhale nawo pansi mpaka amalize. Ngati akuwondabe ngakhale akudya, pitani nawo kuchipatala, pakuti TB, shuga ndi khansa zimawondetsanso.

Loweruka likudzali, 8 koloko m'mawa, anamwino a mumpingo mwathu adzayeza BP, shuga ndi sikelo m'holo. Bwerani ndi agogo, inunso mudzakwere sikeloyo. Banja lililonse lipereke K2,000 kwa msungichuma wa mlaga pofika Lachinayi, yogulira zoyezera shuga. Amayi a Chigwirizano akusonkhanitsa soya ndi mtedza za achikulire opanda owasamala. Amene muli ndi galimoto, onanani ndi mlembi kuti mudzatenge osatha kuyenda.

Ine mbusa wanu mwa Khristu.