Lipoti la Ulendo wa ku Nacala: Doko Likufuna Katundu, Ife Tili ndi Nandolo

A Wapampando, akuluakulu a komiti, amayi ndi abambo a kopaletivi yathu kuyambira ku Jali, Mayaka, Thondwe mpaka ku Songani, ndakupatsani moni nonse. Munandituma ku msonkhano wa ku Nacala wokambirana za doko ndi mayendedwe a katundu, ndipo ndabwerako bwino. Ndalemba lipotili kuti muwerengeretu pa foni tisanakumane, chifukwa muli nkhani yofunika kuti tigwirizane nandolo asanayambe kuuma m'munda.

Kumsonkhanoko kunali oyendetsa doko, a njanji, a msonkho a mbali zonse za malire, eni malole, ma ejenti ochotsa katundu pa boda ndi ogula mbewu akuluakulu, ochokera ku Mozambique, Malawi ndi Zambia. Zambiri zinkayankhulidwa m'Chipwitikizi, ife n'kumamvera kwa omasulira. Alimi tinalipo owerengeka. Funso lomwe linasonkhanitsa anthu onsewa linali limodzi: Nacala achite chiyani kuti katundu wa Malawi ndi Zambia asamamulambalale n'kupita ku Beira, Dar es Salaam kapena Durban? Mumvetse bwino pamenepa, abale anga. Ife timadziona ngati opempha chifukwa dziko lathu lilibe nyanja yamchere. Koma madokowa akulimbirana katundu wa mayiko opanda gombe, ndipo thumba la nandolo lochokera ku Mayaka lili m'gulu la zomwe akulimbiranazo.

Anatiyendetsa padoko. Madzi a pa Nacala ndi akuya mwachilengedwe, moti sitima yaikulu imafika pafupi ndi gombe popanda kukumba pansi. Ku Beira sizili choncho. Doko la kumeneko lili pamathiriro a mtsinje wa Pungwe, ndipo mchenga ndi matope zimadzaza njira ya sitima, n'kumafunika kukumba kawirikawiri. Namondwe wa Idai anagwetsanso zambiri mumzindawo mu March 2019. Doko la Nacala analikonzanso ndi ngongole yochokera ku Japan, ndipo potsegulira mu October 2023 panali atsogoleri a Mozambique, Malawi ndi Zambia a nthawiyo, a Nyusi, a Chakwera ndi a Hichilema. Makina onyamula makontena ndi atsopano, bwalo losungirapo ndi lalikulu. Kutsidya kwa madzi, ku Nacala-a-Velha, kumaoneka mulu wakuda wa malasha ochokera ku migodi ya ku Moatize, m'chigawo cha Tete, akudikira sitima zawo.

Chomwe chinandigwira mtima kwambiri si makinawo ayi. Anatilowetsa m'nyumba ina yosungiramo katundu kunja kwa mpanda wa doko, momwe anyamata ankalongedza nandolo m'kontena. Pakhomo panaima bambo wina ali ndi kachitsulo kosongoka kamphako. Thumba lililonse likamadutsa, ankalibaya, nandolo pang'ono n'kutsikira m'dzanja lake. Amayang'ana, kununkhiza, kenako n'kuthira m'kamakina koyezera chinyontho. Ndinaona matumba ena akuikidwa pambali chifukwa munali anankafumbwe, ena chifukwa cha timiyala ndi makoko. Palibe amene anakangana naye. Matumba okanidwawo amakawapetanso ndi kuwafukiza mankhwala, ndipo nthawi yonseyo kontena ili chiimire, sitima siikudikira. Ndinakumbukira masikelo a mavenda pa Thondwe tsiku la msika, pomwe nandolo wouma ndi wosauma amathiridwa m'thumba limodzi. Mtengo wotsika umene timadandaula nawo uja, mbali ina umayambira pakhomo limeneli, chifukwa wogula amachotseratu ndalama yoti akakonzere katundu yemwe sakumukhulupirira.

Tsopano za njanji, poti ndi imene ikutikhudza ife a ku Zomba. Njanji yolumikiza Malawi ndi Nacala inatsegulidwa mu 1970. Imachoka ku Nkaya, kudutsa pa Liwonde, kutulukira pa Nayuchi, kenako Cuamba, Nampula mpaka kunyanja. Nkhondo ya ku Mozambique itakula m'zaka za m'ma 1980, njirayi inatsekeka pamodzi ndi ya ku Beira, ndipo dziko lathu linayamba kudalira malole opita ku Durban ndi Dar es Salaam. Nkhondo inatha mu 1992, koma chizolowezi cha malole chinatsala. Pambuyo pake kampani ya Vale inamanga ndi kukonza njanji ya makilomita 912 kuchokera ku Moatize kudutsa m'dziko muno mpaka ku Nacala-a-Velha, kuti izinyamula malasha. Ndiye njanji yolimba ilipo, ndipo kuchokera pa Zomba pano kukaipeza pa Liwonde ndi makilomita pafupifupi 50 okha pa msewu wa M3. Kuchokera pamenepo kukafika kunyanja sikukwana n'komwe theka la ulendo wa ku Durban, womwe umapitirira makilomita 2,000.

Nanga bwanji amalonda ambiri amasankhabe njira zazitali? Apa ndi pomwe msonkhano unatentha, ndipo ndinamva zoona zambiri kuchokera kwa ma ejenti ndi eni katundu kusiyana ndi kwa omwe anali ndi zithunzi zokongola pakhoma. Doko lili ngati chigayo: anthu sapita chomwe chili pafupi, amapita chomwe akudziwa kuti chikuyenda ndipo abwerako ndi ufa dzuwa lisanalowe. Wamalonda amafuna kudziwa tsiku lomwe katundu wake akwere sitima. Eni katundu anadandaula kuti sitima za makontena zimafika pa Nacala mwa apo ndi apo poyerekeza ndi madoko akuluakulu, ndiye ukaphonya imodzi umadikira nthawi yaitali. Anadandaulanso kuti mabogi a katundu wamba ndi ochepa, ndipo panjanji malasha ndiwo amakhala patsogolo. Ena anatchula mapepala: chikalata chimodzi chikasowa pa boda, kaya cha msonkho kaya chotsimikiza kuti mbewu ilibe tizilombo, katundu amagona pamenepo. Ndipo kontena si yako, ndi ya kampani ya sitima. Amakupatsa masiku owerengeka aulere, akatha umalipira chindapusa tsiku lililonse, m'madola. Inu mukudziwa mmene dola ikusowera kuno, makamaka chichokereni kugwa kwa kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023.

A doko sanakane zonse. Anayankha kuti kampani ya sitima siingatumize sitima pafupipafupi pamalo pomwe katundu ndi wochepa, ndipo a njanji sangagule mabogi oti aziyenda odzaza ulendo umodzi, pobwerera ali opanda kanthu. Ndiye aliyense akudikira mnzake: katundu akudikira sitima, sitima ikudikira katundu. Zipolowe zomwe zinatsatira chisankho cha ku Mozambique cha October 2024 zinatchulidwanso, poti zinasokoneza misewu ndipo amalonda ena anasamutsa katundu wawo. Wamalonda akasamuka, kumubweza n'kovuta.

Mawu akuti pobwerera opanda kanthu aja ndi omwe ndikufuna tiwaganizire. Dziko lathu limagula zambiri kunja kuposa zomwe limagulitsa, choncho makontena ndi mabogi ambiri amalowa odzaza n'kutuluka opanda katundu. Feteleza amalowa mvula isanagwe, ndipo pa Liwonde pali fakitale yosakaniza feteleza. Miyezi yomweyo ndi yomwe ife timakhala tikumenya nandolo. Bogi yobwera ndi feteleza ikhoza kubwerera ndi nandolo wathu, ndipo wonyamula amavomera mtengo wotsikirapo chifukwa ulendowo akanauyenda chabe. Koma sangaimitse sitima ya pamtunda chifukwa cha matumba makumi awiri a munthu mmodzi. Kontena imodzi yaing'ono imalowa matani pafupifupi 24, omwe ndi matumba 480 a makilogalamu 50. Muyezo wa kumeneko ndi umenewo. Wosafika pamenepo sayankhula ndi a njanji kapena wogula wa kunja, amayankhula ndi venda.

Nditapatsidwa mpata ndinanena zomwe munandituma. Ndinati doko la pamtunda la pa Liwonde talimva kwa zaka zambiri, ndipo ife a ku Zomba, Machinga ndi Balaka tikulifuna, malo oti katundu azilongedzedwa, kuyezedwa ndi kudindidwa ndi a msonkho konkuno, kuti akafika ku Nacala angokwera sitima. Ndinapempha kuti pamalo oterowo pakhale mpata wa magulu ang'onoang'ono ophatikiza katundu, osati makampani akuluakulu okha, komanso kuti mitengo ya mabogi izilengezedwa poyera. Anandimvera mwaulemu ndipo analemba, koma palibe amene anatchula tsiku. Sindikufuna tidzinamize. Tonse tikukumbukira doko la ku Nsanje lomwe linatsegulidwa ndi chimwemwe mu October 2010, koma mpaka lero silinanyamule katundu wathu. Tikonzekere ndi zomwe zilipo panopa.

Pali china chomwe chikundidetsa nkhawa. Nandolo wathu wambiri amathera ku India. Mu 2017 dzikolo linaika malire pa nandolo wolowa, ndipo mukukumbuka mmene mtengo unagwera, anthu n'kumasunga matumba m'nyumba mpaka kufumbwa. Mu 2021 Malawi ndi India anagwirizana za matani 50,000 pachaka kwa zaka zisanu, zomwe zinatipatsa kaye mpumulo. Doko labwino lingachepetse mtengo wa ulendo, koma silingatitsegulire msika wogula akatseka chitseko. N'chifukwa chake ndikuti tisamangire zonse pa mbewu imodzi, ndiponso tisadalire doko limodzi. Njanji ya kummwera yodutsa pa Marka kupita ku Beira, yomwe inakhala yosayenda kwa zaka zambiri, akuikonzanso. Njira ziwiri zikamayenda, aliyense adzayesetsa kutikopa, ndipo ife tidzakhala ndi posankha.

Maganizo anga ndi awa, a Wapampando. Chaka chino tisafulumire kunena kuti titumiza tokha katundu kunja. Zimenezo zimafuna ziphaso, ejenti wodalirika ndi ndalama zodikirira malipiro, zomwe kopaletivi yathu ilibe. Chomwe tingathe ndi kusonkhanitsa nandolo wokwana kontena imodzi kapena ziwiri, wouma bwino, wopetedwa, wosankhidwa, m'matumba atsopano a muyezo umodzi, n'kukambirana ndi ogula otumiza kunja kuti adzatengere pa Liwonde pa mtengo wa katundu wokonzeka. Tikatero tidumpha manja awiri kapena atatu omwe amadya pakati. Zidzafunika kamakina koyezera chinyontho, sikelo yodindidwa, ndi nyumba yosadontha yosungiramo. Zidzafunikanso mtima wolimba, chifukwa sukulu zimatsegulidwa nthawi yomweyo ndipo venda amabwera pakhomo ndi ndalama m'manja. Sindikudzudzula aliyense wogulitsa msanga pofuna fizi ya mwana. Koma komiti iganize ngati thumba lathu la banki m'khonde lingapereke kangachepe kwa membala wobweretsa nandolo wake, kuti athe kudikira malipiro onse.

Amayi a ku Mayaka, inu ndi amene mumagwira ntchito yaikulu yopeta ndi kusankha, ndiye liwu lanu limveke pa nkhani ya mtengo wa ntchitoyo tisanavomereze chilichonse. Apampando a makalabu onse abwere ndi chiwerengero cha matumba omwe kalabu iliyonse ikuyembekeza kukolola, chenicheni osati chongosangalatsa komiti, kuti tione ngati 480 tikufika. Malisiti a ulendo ndapereka kwa a msungichuma pamodzi ndi ndalama yotsala, ndipo mapepala omwe anatigawira kumsonkhano ali kwa a mlembi kwa aliyense wofuna kuwaona. Ndikupempha kuti nkhaniyi ikhale yoyamba pa ndondomeko ya msonkhano wathu ukubwerawu, ndipo tisankhe anthu awiri oti akaone malo osungira katundu pa Liwonde mwezi uno usanathe.

Ndine wanu pa ntchito,
Nthumwi yanu