Usanakadinde zala, werenga kaye izi mwana wanga

Mwana wanga wokondedwa,

Ndikhulupirira uli bwino ku Lilongweko. Kuno tonse tadzuka, mwendo wa abambo ako uja wayamba kupepuka, ndipo akupereka moni. Ndasankha kulemba chifukwa pa foni timangosekererana, mayunitsi n'kutha nkhani yeniyeni tisanaikhudze. Kalata ukhoza kukwiya nayo lero, n'kuiika pansi, mawa n'kuitolanso.

Unandiuza kuti amuna ako akuti zonse za viza yoti ukakhale nawo ku UK uwasiyire, iwe udzangopita kukajambulitsa ndi kudinda zala. Ndikudziwa akunena mokufunira zabwino, ndipo mkamwini wanga ameneyu ndilibe naye chifukwa. Koma pamenepo ndiye ndakana. Fomu imeneyo ikulembedwa m'dzina lako, ndipo wovomereza kuti zonse zili m'menemo ndi zoona ndiwe, osati iwo. Lembani limodzi, iwo ali ku Manchester iwe uli kuno, funso lililonse uliwerenge ndi maso ako, ndipo pepala lililonse lomwe latumizidwa usunge lako. Mlongo wako ananditsegulira tsamba la boma la UK pa foni, ndakhala ndikuliwerenga madzulo nditavala magalasi anga ochongera mayeso aja. Si Chingerezi chovuta. Iwenso werenga konko, osati zomva pa WhatsApp. Anthu ambiri amene akukulangiza anapita ndi viza ya ntchito kapena ya sukulu, yomwe malamulo ake ndi ena. Ako ndi a mkazi wa munthu amene anapatsidwa kale chilolezo chokhazikika m'dzikomo.

Ndiyambe ndi ndalama, poti ndi pamene ambiri amagwera. Kuyambira pa 11 Epulo 2024, woitanitsa mkazi kapena mwamuna wake ayenera kumalandira mapaundi osachepera 29,000 pachaka, msonkho usanachotsedwe. Kale, kuyambira 2012, anali 18,600, ndiye ukamva wina akutchula nambala imeneyo dziwa kuti akukamba zakale. Malipiro ako a kuno sawawerengera. Amafuna mapepala a malipiro a amuna ako a miyezi isanu ndi umodzi, masitetimenti a kubanki oonetsa ndalama zomwezo zikulowa, ndi kalata ya owalemba ntchito. Pepala lomaliza lisapitirire masiku 28 pofika tsiku lotumiza fomu. Amene alibe malipiro okwana akhoza kuonetsa ndalama zosunga, koma zikakhala zokhazo zimafunika mapaundi 88,500, zokhala m'banki miyezi isanu ndi umodzi, zanuzanu, osati zobwereka kwa mnzake kuti zikangoonekera.

Tsono ndikufunse: mapepala a malipirowo unawaonapo? Lendi ya nyumba mukukakhalayo ukuidziwa? Sindikufunsira viza yokha ayi. Ine ndi abambo ako takhala zaka zonsezi osakanganirana ndalama chifukwa aliyense ankadziwa zomwe mnzake walandira pakutha pa mwezi. Fomu imeneyi ikukupatsani mpata woyamba mwambo womwewo musanagone nyumba imodzi. Usautaye chifukwa cha manyazi.

Kulipirira fomuyo ndi pafupifupi mapaundi 2,000. Pamwamba pake pali ndalama ya chipatala, mapaundi 1,035 pachaka, ndipo poti viza yoyamba ndi ya zaka ziwiri ndi miyezi isanu ndi inayi, amalipiritsa zaka zitatu nthawi imodzi, 3,105. Akakukana, ya chipatalayo amabweza, koma ya fomu imapita. Mitengoyi amaisintha kawirikawiri, uionenso tsiku lolipira. Ndi m'mene kwacha inagwera mu Novembala 2023, komanso kusowa kwa ndalama zakunja m'mabanki athu, ndi bwino alipire iwo konko. Usatenge katapila pa nkhani imeneyi, ndipo puloti yako ija usagulitse.

Za ukwati wanu. Ife tikudziwa kuti ndinu banja. Tinavina pa chinkhoswe, ankhoswe anapatsana nkhuku, abusa anadalitsa. Lamulo lathu la maukwati la 2015 limavomereza ukwati wa mwambo, wa kutchalitchi ndi wa kwa DC. Koma amene adzatsegule fayilo yako sanadye nawo mpunga tsiku lija. Akufuna setifiketi yovomerezeka ndi boma, ndi umboni woti banjali ndi lamoyo mpaka lero. Tenga mapepala ako onse, uwayale pa tebulo, uyang'ane chilembo ndi chilembo. Ndikukumbuka kuti pa setifiketi ya MSCE dzina lako lachiwiri analilemba ndi l, pomwe pa chiphaso cha unzika lili ndi r. Kwa ife n'chimodzimodzi, lilime lathu silisiyanitsa, koma kwa mzungu wa muofesi amenewo akhoza kukhala anthu awiri. Pita kwa loya ukalumbire kuti ndiwe yemweyo, ndipo ukonze zimenezi pano, osadikira kuti akufunse.

Umboni winawo suvuta kwa anthu amene akukondanadi. Zithunzi za chinkhoswe ndi ukwati zoonetsa abale a mbali zonse, matikiti ndi zidindo za mu pasipoti yawo za maulendo amene anabwera kuno, malisiti a ndalama zomwe amakutumizira, mndandanda wa mafoni anu. Usawaunjikire macheza anu onse, sankha pang'ono m'miyezi yosiyanasiyana. Za m'Chichewa zimafuna womasulira wodziwika amene asaine dzina lake, choncho nkhani zanu zamseri zisiye m'foni.

Ndipo viza ya mlendo ija anakukana zaka zapitazo, uilembe. Funso lake lilimo, ndipo iwo mayankho ali nawo kale, popeza zala zako unadinda. Kukanidwa si mlandu. Kubisa ndiye mlandu, ndipo umakutsata pa fomu iliyonse yomwe udzalembe mtsogolo. Madobadoba adzakupeza, ena ovala bwino ndithu, adzakuuza kuti ali ndi munthu mkati, kuti akhoza kukukonzera sitetimenti yooneka bwino. Mkati mulibe munthu wawo. Ofesi ya ku Lilongwe imangotolera zala ndi mapepala, ogamula ali kwina. Mukaona kuti pali pokhota, amuna ako apeze konko loya kapena mlangizi wovomerezeka ndi boma, dzina lake lopezeka m'kaundula.

Mayeso a Chingerezi ndikudziwa akukunyansa, mwana wa mphunzitsi, wophunzira m'Chingerezi kuyambira Sitandade 5. Koma Malawi sali pa mndandanda wawo wa mayiko olankhula Chingerezi, ndiye palibe kuchitira mwina. Gawo lomwe akufuna ndi loyambirira, A1, kulankhula ndi kumva basi, koma likhale yeso lovomerezeka ndi Home Office, unduna wawo woona za anthu olowa m'dziko, pamalo ovomerezeka. Njira ina ndi kutumiza digiri yako ku bungwe la Ecctis kuti litsimikize kuti ndi yofanana ndi yawo ndiponso kuti unaphunzira m'Chingerezi. Kuyezetsa TB nakonso ndi ku chipatala chomwe iwo anasankha, ngakhale iwe ukugwira ntchito m'chipatala. Setifiketi yake imatha pakapita miyezi isanu ndi umodzi, choncho usathamangire kuyezetsa zina zisanakonzeke.

Ukatumiza, yankho limatenga pafupifupi masabata 12, nthawi zina kuposera. Ntchito usasiye, tikiti usagule, katundu wa m'nyumba usagawe, ndipo pa Facebook usalembe kanthu. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Tsopano chimene chandigoneka mochedwa masiku ano, chomwe ndalembera kalatayi.

Viza imeneyi yaima pa banja lako. Ikatha yoyambayo mudzapemphanso ina ya zaka ziwiri ndi theka, ndipo ndi pakutha pa zaka zisanu pamene ungapemphe chilolezo chokhazikika chako. M'zaka zonsezo thandizo la ndalama la boma la konko sulandira, ndipo banja litatha, viza akhoza kuidula. Kwathu kuno mwamuna ndi amene ankabwera kudzakhala pa chikamwini, mkazi ali pakati pa amayi ake, azichemwali ndi atsibweni ake. Mawu akakwera usiku, m'mawa ankhoswe afika. Ngakhale wopita ku chitengwa ankadziwa njira yobwerera kwawo wapansi. Iwe ukupita kumene kulibe ndi mmodzi yemwe wa ife, ndipo nyumba, ndalama, njira za m'tauni, ngakhale chilolezo chokhalira m'dzikomo, zonse poyamba zidzakhala mbali ya mwamuna. Mwamuna wabwino zimenezi zimamulemera, amafuna mkazi wake aime payekha msanga. Koma alipo ena amene amazisandutsa chingwe, mkazi akangoyankha, iwo n'kumati ndikubweza kwanu. Sindikunena kuti amuna ako ndi otero. Ndikunena kuti sindingakutumize kutali chotero usakudziwa pamene waima.

Masiku ano chilolezo sichikhalanso pa khadi, chimakhala pa intaneti, amati eVisa. Akaunti yake itsegulidwe ndi imelo yako, nambala ya foni yako, ndi pasiwedi yodziwa iwe. Pasipoti usunge wekha. Ukafika tsegula akaunti yako ya kubanki, ngakhale mutakhala ndi ina ya nonse awiri. Viza ya mkazi wapabanja imalola kugwira ntchito kuyambira tsiku lofika, ndiye igwire, ngakhale yoyamba itakhala yotsika kuposa ya kuno.

Ku chilangizo azimayi anakuuza kuti banja ndi kupirira, ndipo ine ndinali pomwepo ndikuwomba nawo m'manja. Ndi zoona pa umphawi, pa matenda, pa kusiyana maganizo, pa mwamuna wobwera wotopa wosafuna kuyankhula. Koma pa kumenyedwa ayi. Pa kutsekeredwa m'nyumba, kulandidwa foni, malipiro kapena pasipoti, ayi. Lamulo la konko limati amene analowa ndi viza ngati yakoyi, banja likatha chifukwa cha nkhanza, akhoza kupempha chilolezo chokhazikika payekha osadikira zaka zisanu zija, ndipo amapatsidwa kaye miyezi itatu yoti alandire thandizo la boma pamene akukonza pempholo. Nkhanza kumeneko si zibakera zokha, kuopseza ndi kupondereza amaziwerengeranso. Nambala ya apolisi ndi 999. Ndikupemphera kuti ndime imeneyi usadzaifune moyo wako wonse, koma uidziwe, ndipo udziwenso kuti chipinda chako kuno sitidzaikamo chimanga. Ukadzabwerera, palibe amene adzakuseke pakhomo pano ine ndili moyo.

Nawenso ukawachitire chifundo amuna akowo. Akhala okha zaka zambiri, akudziphikira, akugwira mashifiti a usiku, ndipo mwadziwana kwambiri pa foni ndi pa tchuthi, pamene aliyense amaonetsa mbali yake yabwino. Ukapeza nyumba yaing'ono kuposa m'mene imaonekera pa vidiyo. Ukapeza kuti mapaundi aja, ukachotsa lendi, msonkho wa khonsolo, magetsi ndi gasi wotenthetsera m'nyumba, satsala ambiri. Usawanyoze nazo. Kulibe wantchito, kulibe mwana wa achemwali wokuthandiza, choncho za kukhitchini ndi zochapa mukagawane poyambirira pomwe, mwaulemu, zisanasanduke mkwiyo.

Abale adzayamba kukuimbira ndege isanatere n'komwe. Fizi, feteleza, maliro, foni yatsopano. Chaka choyamba usatitumizire kanthu, ine ndi abambo ako tili ndi penshoni ndi munda. Muli ndi viza yachiwiri yoti muyambe kusungira nthawi yomweyo. Wodandaula umuuze kuti amayi ndi amene analetsa, abwere kwa ine.

Za unamwino wako, yamba kusonkhanitsa mapepala uli konkuno: zotsatira za ku koleji, kalata ya bungwe la anamwino ndi azamba, makalata a kumene wagwirako ntchito. Kuwatsata uli kunja n'kovuta. Kuti ulembetse ku bungwe lawo la anamwino ndi azamba lotchedwa NMC pali mayeso a pa kompyuta, ena ochita ndi manja otchedwa OSCE, ndi Chingerezi chapamwamba kuposa cha viza chija. Ukafika, lembetsa msanga kwa dokotala wa m'dera lanu, amati GP, n'kwaulere, ndipo upemphe kuboma nambala ya National Insurance, yofunika pa za ntchito ndi msonkho. Laisensi yako ya galimoto ikagwira ntchito miyezi 12 yokha, kenako mayeso a konko.

Ndege yolunjika kulibe, ukasinthira ku Addis Ababa, Nairobi kapena Johannesburg, choncho mapepala onse akhale m'chikwama cha m'manja, pamodzi ndi juzi. Nyama ndi za mkaka saloleza kulowa nazo, usayese n'komwe. Nsomba zouma amalola, usipa ndi utaka ndikukonzera, tidzazimata bwino kuti zisanunkhitse zovala. Ufa usadzilemetse nawo, umapezeka m'mashopu a anthu a ku Africa. Majekete a pa kaunjika ungotenga limodzi lofikira, lenileni ukagule konko. Chimene anthu amadandaula kwambiri si kuzizira koma mdima: mu Disembala dzuwa limalowa 4 koloko isanakwane, ndipo a khungu ngati lathu amalangizidwa kumwa vitamini D chaka chonse. Mtima ukayamba kulemera m'miyezi imeneyo usadzitsekere. Peza mpingo, peza Amalawi anzako, koma usaulule za m'nyumba mwako kwa aliyense chifukwa choti walankhula Chichewa. Upezenso anzako a konko, akuntchito ndi oyandikana nawo nyumba.

Unzika wako usade nawo nkhawa, kuyambira pamene aphungu anasintha lamulo mu 2018 Mmalawi akhoza kukhala ndi unzika wa mayiko awiri. Mapepala a puloti ubwere nawo tidzasunge kuno, ndipo msonkho wake mlongo wako azikalipira.

Loweruka la kumapeto kwa mwezi uno ubwere ndi fayilo yonse, tidzaiwerenge limodzi tsamba ndi tsamba, amuna ako ali pa foni. Tikatha tidzapite kwa agogo ako. Sanauzidwebe, ndipo ndikufuna adzamve kuchokera pakamwa pako, uli chogwada pafupi, chifukwa makutu aja masiku ano sakumva za patali. Ubwere ndi shuga ndi chitenje chawo.

Ndine mayi ako okukonda.