Dialysis si makina okha, palinso madzi ochokera ku chimanga

Akonzi,

Mundilole ndiikepo mlomo pa nkhani ya odwala impso, chifukwa tikamakamba za dialysis (kusefa magazi a munthu amene impso zake zasiya kugwira ntchito) ku Malawi timangoti makina ndi ochepa, makina awonjezedwe, basi nkhani yathera pompo. Makina ndi ofunika ndithu. Koma munthu wa ku Nsanje kapena ku Chitipa amene impso zake zasiyiratu kugwira ntchito, kuti aziikidwa pa makina kawiri katatu pa sabata ndiye kuti asamuke, asiye munda, asiye ana, akakhale kwa abale mtauni mpaka kalekale. Ndi angati angakwanitse zimenezi?

Ine ndine namwino, ndimasamalira odwala impso kuno ku UK, ndipo ena mwa odwala anga amasefera magazi kunyumba kwawo, njira yake ndi peritoneal dialysis, ife timangoti PD. Adokotala amaika kachubu kofewa pamimba chammunsi mwa mchombo, wodwala amapachika thumba la madzi la malita 2, madzi aja amalowa mumpata wa kunja kwa matumbo, osati m'chifu ayi, nkukhala momwemo maola angapo, kenako amawatulutsa atatenga zoipa za m'magazi pamodzi ndi madzi amene impso zalephera kutaya. Imene imasefa ndi nembanemba yokuta matumbo ija. Kanayi patsiku, ndipo magetsi safunika, madzi amatsika okha.

Nanga chimakoka madzi kuchoka m'magazi nchiyani? Mukawaza mchere pa nkhaka zoduladula mumaona madzi akutuluka, ndi momwemonso, kungoti m'matumba muja amaikamo shuga, glucose. Kuno tili ndi a 1.36, 2.27 ndi 3.86 peresenti. Vuto lake shugayu sachedwa kulowa m'magazi, pakapita maola ochepa mphamvu yokoka yatha, ndiye thumba logona nalo usiku madzi amayamba kubwerera m'thupi, m'mawa wodwala akutulutsa ochepa kuposa amene analowetsa, mapazi atupa, BP yakwera, kupuma kukuvuta. Mukamupatsa thumba lamphamvu lija la 3.86 mwamumwetsa shuga wambiri kudzera pamimba, amanenepa, ngati ali ndi matenda a shuga zimasokonekera, ndipo pakapita zaka nembanemba ija imawonongeka. Poti ambiri amene impso zimafa ndi a shuga ndi BP omwewo, nkhaniyi si yaing'ono.

Apa ndi pamene pakubwera chimanga. M'zaka za m'ma 1980 madokotala a ku Manchester, Chandra Mistry, Ram Gokal ndi anzawo, anayesa kuika sitachi ya chimanga m'malo mwa shuga, ndipo mu 1987 anafalitsa zotsatira m'magazini ya zachipatala ya The Lancet. Sitachiyo amaidula kufakitale nkusankhamo tizidutswa ta msinkhu woyenera, timakhala tatikulu moti sitidutsa msanga pa nembanemba, ndiye timakhala m'mimba muja nkumakoka madzi pang'onopang'ono osatopa. Dzina lake ndi icodextrin, amagulitsidwa pa dzina loti Extraneal, wa 7.5 peresenti, ndipo ku America anauvomereza mu 2002. Wodwala amagwiritsa thumba limodzi lokha patsiku, la nthawi yaitali lija, maola 8 mpaka 16. Odwala amangoti thumba la pepo chifukwa cha mtundu wa kotsekera kake. Ndaonapo mayi amene nsapato zinali zitasiya kulowa, atayamba thumba limeneli pasikelo anayamba kutsika, nsapato nkuyambanso kulowa.

Chonde wina asamve kuti chimanga nkuganiza za ufa woyera wa m'nyumba. Madzi amenewa amapangidwa mosalola kachilombo ngakhale kamodzi, chifukwa majeremusi akangolowa m'mimba muja ndi peritonitis, madzi otuluka amachita mbuu, mimba kupweteka, ndipo munthu atha kufa.

Chinanso chimene chimandidetsa nkhawa, ndipo nchifukwa chake ndalemba, ndi timakina toyezera shuga pachala. Icodextrin wina amalowabe m'thupi nkusanduka mtundu wina wa shuga wotchedwa maltose, ndiye timakina tina, makamaka ta masitiripi a mtundu wotchedwa GDH-PQQ, timawerenga maltose uja ngati glucose. Kamakina kakuonetsa shuga wokwera pamene ali bwinobwino kapena watsika kale, namwino nkubaya insulin, munthu nkukomoka. Mu 2009 bungwe loona za mankhwala ku America la FDA linachenjeza za masitiripi amenewa litalandira malipoti a imfa 13, ambiri mwa iwo anali pa icodextrin. Ndipo chisokonezochi chimapitirira mpaka masabata awiri munthu atasiya. Kwathuku timakina timabwera ta mitundumitundu, tina ta mphatso, tina togula ku Joni, ndipo alipo kale Amalawi amene amayambira PD kunja nkubwera kudzacheza ndi matumba awo. Wotereyu akadwala nkupita pa health centre, amene akumuyeza akuyenera kufunsa kaye kuti ali pa madzi anji. Ena amatulukanso zidzolo pakhungu, ndipo amene thupi lawo limadana ndi sitachi ya chimanga sapatsidwa.

Sindikunena kuti PD ndi yophweka. Malita 8 patsiku ndi malita 240 pamwezi munthu mmodzi, matumba onsewo akuyenera kufika kumudzi ngakhale nthawi ya dzinja misewu itaduka, pakufunika sopo, madzi aukhondo osamba m'manja, chipinda chosalowa fumbi, komanso icodextrin ndi wodula kuposa wa shuga. Koma dziko la Thailand mu 2008 linasankha kuti odwala othandizidwa ndi boma aziyambira pa PD, ndipo panthawiyo kumeneko ambiri anali a kumidzi.

Pempho langa kwa a Unduna wa Zaumoyo ndi a Central Medical Stores Trust ndi loti pokonza bajeti ya impso muwerengeremo PD, ndipo pogula matumba musagule a shuga okhaokha, pakhale ndi a icodextrin a odwala shuga ndi amene madzi akukanika kutuluka. A KUHeS ndi masukulu a anamwino, nkhani ya masitiripi ija ilowe m'maphunziro, ndipo wodwala aliyense wa icodextrin alembedwe moonekera bwino pachikuto cha health passport yake.

Namwino wa odwala impso,
Manchester