Kwa mwana wanga, usanakayime pa mtsutso uja

Kasungu

Mwana wanga,

Kuno tadzuka bwino, amayi ako akupereka moni. Wati akupatsa mbali yoikira kumbuyo panpsychism pa mtsutso wa kukoleji, ganizo lija lakuti kumva kwa mkati kuli m'tizidutswa tonse topanga zinthu. Tamvera.

Yamba wakonza mawu. Usanene kuti chikumbumtima, chifukwa chimenecho ndi chija chimamutsutsa munthu akalakwa. Nkhani yako ndi ya kumva kwa mkati, monga kuwawa kwa tsabola wa kambuzi palilime. Dokotala atha kuloza mitsempha imene yanyamula uthengawo mpaka ku ubongo, koma kuwawako akukumva ndi wodyayo yekha. N'chifukwa chiyani ntchito ya mitsempha imabwera ndi kumva? Limeneli ndi funso lomwe katswiri wa filosofi David Chalmers anatchuka nalo mu 1995.

Ukatero, tchinga msampha anthu asanakutchere. Wina adzaseka kuti ndiye kuti mwala wa paphiri la Kasungu umaganiza, wina adzati ukunena za mizimu. Onsewo uwakanire. Ambiri a mbali yakoyi amangoti tizidutswa tochepetsetsa, monga ma elekitironi, tili ndi kakumva kochepa zedi, kopanda maganizo kapena kukumbukira. Mwala ndi mulu chabe wa tizidutswato.

Mfundo yako yolimba ndi ya katswiri wa filosofi Bertrand Russell ya mu 1927: physics imatiuza zimene chinthu chimachita, kukoka, kukankha, kulemera kwake, koma sinena kuti mkati mwakemo n'chiyani. Katswiri winanso wa filosofi, Galen Strawson, mu 2006 anawonjezera kuti kumva sikungatuluke m'zinthu zopanda kumva n'komwe, choncho tizidutswato tiyenera kukhala nako kale.

Koma pomwe ambiri amagwera ndi apa, ndipo pakonzekere kwambiri. Mu 1890 katswiri wa za maganizo William James anati tenga anthu 12, aliyense umunong'oneze liwu limodzi la chiganizo, kenako uwaimike mothithikana. Ngakhale aliyense aganizire liwu lake ndi mtima wonse, palibe amene akudziwa chiganizo chonsecho. Nanga tikumva tating'onoting'ono timaphatikana bwanji mpaka kukhala iweyo mmodzi? Ine ndimaona kuti funsoli silinayankhidwebe mokhutiritsa. Livomereze wekha poyera, usadikire kuti akufunse.

Akhozanso kukupanikiza ndi ubongo weniweniwo. Uli ndi maselo a mitsempha pafupifupi 86 biliyoni, ndipo ochuluka mwa iwo ali mu cerebellum, kagawo ka kunkhongo. Komatu kagawoka kakawonongeka munthu amadzandira poyenda, kuzindikira kwake kuli chikhalire. Choncho kuchuluka pakokha sikukwanira. Apa tchula katswiri wa za ubongo Giulio Tononi, amene mu 2004 anati chofunika ndi mmene zigawozo zalukirana. Umutchule mosamala, chifukwa mu 2023 akatswiri oposa 100 anasaina kalata yonena kuti ganizo lakelo si sayansi yeniyeni.

Ulembe mfundozi patsamba limodzi, uyeserere mokweza pamaso pa mnzako amene sagwirizana nawe. Ukamaliza mtsutsowo undiimbire foni, ndimve kuti za anthu 12 aja unayankha bwanji.

Ndine bambo ako.