Nyimbo ya agogo yandiika pamoto, ndithandizeni

Mayi Mlangizi,

Ndimawerenga tsamba lanuli sabata iliyonse koma sindinkaganiza kuti nanenso ndidzalemba. Ndine mtsikana wa zaka 26, kwathu ndi ku Phalombe kumunsi kwa phiri la Michesi koma pano ndikukhala ku Ndirande. Masana ndimasoka zovala, madzulo ndimayimba ndi gitala, nyimbo ndimapeka ndekha ndipo zambiri ndimasakaniza Chichewa ndi Chilhomwe.

Chilhomwecho sindinayamwire kubere ayi. Bambo ndi mkulu wa mpingo ndipo pakhomo pathu chinali Chichewa chokhachokha, ndiye amene anandiphunzitsa ndi agogo anga akuchikazi. Ndikapita kumudzi nthawi yokolola tinkakhala pamkeka kuseri kwa khitchini, iwo akupeta nandolo m'lichero kwinaku akuyimba chapansipansi, ine foni ndayika pafupi ndi bondo lawo ndikujambula. Mukamvetsera mumamva mpaka nkhuku zikulimbirana zogwa pansi, komanso agogo akundiseka kuti lilime langa ndi lolemera. Anatisiya mu 2023, patangopita miyezi yochepa chidutsireni namondwe wa Freddy amene anagwetsa nyumba yawo. Zomwe ndatsala nazo ndi mawu awo mufonimu basi.

Kuyambira pamenepo ndinalumbira kuti kuyimba kwanga kukhale ndi ntchito. Ndimayimba za chiyankhulo chathu chomwe ana ambiri sakuchidziwanso, ndimayimba za mkungudza wa m'phiri la Mulanje, mtengo wa dziko lathu la Malawi womwe anthu acheka mpaka watsala pang'ono kutheratu, komanso za mapiri ometedwa mpalawa omwe mvula ikagwa amatitumizira miyala ndi matope m'midzi. Kayimbidwe ka ng'oma ndimatengera ku gule wa tchopa. Ndinapitako ku Chonde ku mwambo wa Mulhako wa Alhomwe, nditaona azibambo atavala zikopa ndi nthenga, kumsana atabereka katundu wa makasu, misampha ndi ziwiya zakale akuzungulira ng'oma, misozi inatsika ndithu. Guleyu a UNESCO anamuzindikira mu 2014 koma anzanga ena akuno kutauni samudziwa n'komwe.

Vuto langa nali. Pa nyimbo za agogo zija panali ina yomwe ndinkaikonda kwambiri, ndinaitengera ku situdiyo, tinayika mawu a agogo enieniwo koyambirira kenako ine nkulowa ndi gitala. Nditangoponya kachidutswa pa Facebook anthu anaikonda zedi, ena kugawana pa WhatsApp mpaka achibale a ku Johannesburg anandiyimbira kuti yawakumbutsa kumudzi. Sipanathe sabata amayi aang'ono anandiyimbira mawu akunjenjemera, akuti mwana iwe wachita chiyani, anamkungwi abwera pakhomo pano akuti nyimbo imeneyi ndi ya kutsimba, siyoyenera kumveka kwa amuna kapena kwa munthu wosavinidwa. Mayi, ine sindinavinidwe, bambo anakaniza, ndiye ndikanadziwa bwanji? Mawu ake ndi okuluwika, ine ndinkangomva ngati akunena za mbalame ndi mtsinje. Ndipo usiku ndimadzifunsa kuti nanga agogo ankandiyimbira bwanji akuona foni ili pomwepo, kodi anayiwala chifukwa cha ukalamba kapena ankafuna kuti ndilandire zomwe ndinamanidwa?

Kachidutswa kaja ndinachotsa koma m'mafoni mwa anthu kalimobe. Amalume omwe ndi mwini mbumba akuti ndipite kumudzi ndikagwade pamaso pa anamkungwi ndi nkhuku m'manja, ndipo amayi ena akuti njira yabwino ndi yoti ndilowe chinamwali ngakhale ndakula kale. Bambo atamva zimenezi anapsa mtima, akuti akhala akundiuza kuti zachikunjazi zidzandipweteka, ndibwerere ku kwaya, ndipo ndikakangoponda kutsimba ndisadzawatchulenso bambo. Pulodyusa naye akuti nyimboyi ndi yomwe inganditulutse, watayapo kale nthawi ndi ndalama, akuti chikhalidwe n'cha tonse palibe mwini wake. Pamenepa mpomwe sindikugwirizana naye ngakhale pang'ono, eni ake alipo ndipo ndi amayi omwe aja ankaphika pa maliro a agogo. Ndingamayimbe bwanji pa siteji zoti tilemekeze chikhalidwe chathu pomwe osunga chikhalidwecho akundilirira?

Koma kuifufutiratu nyimboyi mtima ukukana, ndi momwe mawu a agogo akumveka bwino kuposa mwina monse, mpaka kupuma kwawo.

Ndiye ndithandizeni mayi. Ndipite kukapepesa ngakhale bambo akwiye? Kodi n'kulakwa kuwapempha anamkungwiwo kuti akhale nane pansi, amvetsere zonse ndinajambula zija andisankhire kuti iyi ungayimbe pagulu iyi ayi? Nanga ndikasiya mawu a kutsimbawo nkusunga chuni chokha, ndikupeka mawu anga atsopano, ndakubabe? Ndipo bambo ndiwayambe bwanji kuti amvetse zoti kukonda Chilhomwe sikuti ndataya Mulungu, poti Lamulungu lililonse kutchalitchi ndimapita.

Mwezi wamawa andiyitana kukayimba pa mwambo wodzala mitengo kwathu komweko ndipo amayi aja akakhalapo, bambonso akakhalapo. Mpaka pano sindinayankhe kuti ndibwera kapena ayi.

Ine mwana wanu wothedwa nzeru,
Ndirande, Blantyre