Aise, maswichi afika koma aperewera awiri

Nchalo, Lachinayi usiku

Aise,

Katundu uja wafika, maswichi a kiyibodi yomwe ndikupanga ija, tinthu tokhala pansi pa mabatani tija. Wabwera naye Fatsani, akuti kuchokera pa Wenela mpaka kutsika phiri la Chikwawa kathumbako anali atakafungatira pamiyendo ngati mazira, ndipo mayi wina mu minibasi anamupempha kuti agawireko mwana wake poganiza kuti ndi maswiti. Kalata yako yomwe unaika mkatimo ndawerenga kawiri. Takhuta, monga amanenera agogo ako aja. Koma ndisanapitirire ndi zothokoza ndikufunse kaye, iwe masamu unaphunzira kuti? Ndinati 47. Ndinalemba pa WhatsApp, ndinabwerezanso pakamwa tsiku lomwe unaimba lija. Ndakhuthula pamphasa kuwerenga, 45. Kuwerenganso, 45. Ndinaitana Chisomo poti iye maso ake ndi akuthwa, nayenso 45 yomweyo. Ndiye munthu ngati iwe eti akukukhulupirira ndi ndalama za eni ake pa tilu ku Joni konko, shuwa?

Komabe kiyibodi yayamba kugwira ntchito, kalata inoyi ndikuilemba pomwepo. Mabowo awiri angoti yasaa, ndamatapo selotepi kuti nyerere zisamangemo mudzi. Ndinakhala pansi kuganiza kuti ndisiye zilembo ziti, ndiye ndinazindikira kuti Chichewa chathu Q ndi X sichiwafuna nkomwe, ukhoza kulemba buku lonse osawakhudza. Ndinachotsa amenewo, nkuwabisa pansi pa mabatani ena, ndikadina batani la kumanzere kwa sipesi limodzi ndi W akutuluka Q. Zinayenda bwinobwino mpaka dzulo mmawa atabwera mnyamata wa a Nyamizinga kuti ndimutayipire CV yokasiya ku fakitale ya shuga, mzere woyamba qualifications, wachiwiri experience, zala zanga zimangopita pa selotepi.

Unafunsa kuti kanthu kochepa chonchi nkachani pomwe makiyibodi otchipa ali mbwee mu Limbe. Mvera. Kiyibodi wamba ya mu ofesi imakhala ndi mabatani 104, ndipo theka lake munthu sulikhudza chaka chonse. Yangayi ndi mizere 4, mzere uliwonse malo 12, amakwana 48, koma awiri apakati pa mzere wapansi ndawaphatikiza kukhala sipesi, nchifukwa chake 47. Kamangidwe kameneka amakatchula kuti Planck, anakayambitsa ndi Jack Humbert wa ku America, yemwenso anayambitsa QMK, pulogalamu yomwe umauzira batani lililonse chochita. Manambala ndi zizindikiro zili pansi, umazipeza podina batani lina ndi chala chachikulu, monga mmene umachitira ndi Shift. Anthu kuno akumati ndi zachilendo koma ayi. Taipulaita ya bambo ija, Olivetti Lettera 32, inalibe nambala 1. Ukukumbuka? Ankamenya l wamng'ono basi, ndipo makalata onse a mpingo ndi a alimi a thonje amatuluka opanda wodandaula.

Makina amene aja ndi omwe andilowetsa mu zonsezi, sindinakuuzepo bwinobwino. Madzi a Freddy mu Malichi 2023 atalowa mnyumba ya kumudzi, tinakawapeza patatha masiku angapo atakwiririka m'matope kuseri kwa kabati. Ndinawatsuka ndi parafini, ndinawayanika, ndinayesa chilichonse koma timikono ta zilembo tija tinagwirana ndi dzimbiri, kukoka kamodzi kumabwera tisanu. Ali pamwamba pa wadiropu pano. Bambo anali atapita kale nthawi imeneyo, bola sanaone. Chomwe ndimachisowa ndi phokoso lija, madzulo tikusewera bawo pakhonde iwo ali mkati tha tha tha, kabelu ngee, kenako kukankha kuti khweee. Iwe unkati nyumba yathu imamveka ngati ku DC. Pamaliro pawo sunabwere, ndikudziwa mapepala ako anali asanalongosoke ndipo ukanatuluka sukanabwereranso, sindikukuimba mlandu, koma mayi amafunsabe. Akamva njinga yamoto yaima panja amati kapena ndi uja.

Bokosi la kiyibodiyi ndiye ukaliona ugwa nalo mchikondi. Ndi tsanya, ndinazula mzati umodzi wa khola lakale la ng'ombe la bambo, zaka zonsezi uli munthaka chiswe osaulawa ngakhale pang'ono. A Luka akalipentala anayamba akana, amati mtengo umenewu umapha mano a sowo ndipo pulena yawo si yoseweretsa, ndinachita kuwonjezera ndalama ya tupa. Koma atauseta, mtundu wake kutuluka, wofiirira wakuda ngati chikopa cha ng'oma yakale. Vanishi ndinakana, ndangopaka mafuta pang'ono nkupukuta ndi kansalu. Kulemera kwake ngati njerwa, ukamalemba sikasuntha patebulo. M'makona ndinawauza azungulize ngati wailesi zija za kale, kumbuyo kukwere pang'ono.

Chitsulo chokhalapo maswichi ndinavutika nacho ndekha. Aluminiyamu wa 1.5 mm, bowo lililonse likhale la makona anayi, 14 mm mbali zonse, ndipo kuchokera pakati pa bowo kufika pakati pa linzake 19.05 mm. Anzathu kunjako amangotumiza ku makina a laser mawa lake nkukatenga, ine ndinaboola ndi dirilo kenako tupa, bowo limodzi limodzi, masabata atatu. Ukalakwitsa pang'ono swichi imagwedera, ukachepetsa siilowa. Manja anatuluka matuza koma onse 47 swichi imalowa kuti thi.

Mawaya ndalumikiza pamanja, palibe PCB, kabolodi kaja kobwera ndi njira za magetsi zopangiratu. Swichi iliyonse ili ndi diode yake, 1N4148, kanthu kochepa ngati njere ya mpunga kokhala ndi kamzere kakuda mbali imodzi, ndipo timizere timeneti tonse tiyenera kuloza mbali imodzi. Ntchito yake nkuti magetsi asabwerere mmbuyo, apo ayi ukadina mabatani atatu nthawi imodzi kompyuta imaona lachinayi lomwe sunalikhudze. Kamodzi ndinakatembenuza pa M, usiku wonse kufufuza chifukwa chomwe M sakutuluka, ndiye taganiza Chichewa chopanda M. Mizere 4 ndi mizati 12 ndi mawaya 16, onse akupita pa Pro Micro ija unatumiza ulendo woyamba, ubongo wa kiyibodiyi womwe umalankhula ndi kompyuta, ili ndi mapini 18 ogwiritsa ntchito ndiye awiri atsala. Kuwotcherera ndimachita 4 koloko mbandakucha. Mwezi uno masana sungayerekeze, dzuwa likuswa mtengo, kutentha kukupitirira 40, thukuta limadontha kuchokera pamphuno kugwera pomwe ukuwotcherera pomwepo nkumva tsss. Komanso magetsi nthawi imeneyo ndi pomwe amapezekako. A Luka amati ndingotenthetsa chitsulo pambaula ngati mmene ankachitira okonza mawailesi, ndinakana, swichi ndi pulasitiki, kungochedwetsa dzanja pang'ono yasungunuka, ndipo ndilibe yapadera chifukwa cha iwe.

Pa mtundu wa maswichi pokha unamva bwino, Gateron a brown. Mtima wanga unali pa a blue chifukwa amalira kuti tcha tcha pafupifupi ngati taipulaita, koma mlamu wako anachira sabata yatha, mwana wamkazi, onse ali bwino, ndiye nyumba ya zipinda ziwiri ino a blue akanandithamangitsa. A brown ali ndi kabampu kakang'ono pakati, chala chimamva kuti chilembo chalowa koma khutu silivutika. Paja amenewa anatengera a Cherry MX a ku Germany a m'ma 1980, patent yawo yoletsa ena kukopera itatha makampani a ku China ngati Gateron ndi Kailh anayamba kupanga otchipa, nchifukwa chake anthu ngati ife tikukwanitsa.

Tsopano nkhani yeniyeni yomwe yandidzutsa. Sipesi. Aise sipesi ikundisowetsa mtendere. Batani lalitali limafuna kawaya pansi kogwira mbali zonse ziwiri kuti ukadina kumapeto lisapendekeke, stabilizer ija ndinakulembera pa nambala 3 pa mndandanda, iwe nkuiwala. Ndinapita kwa okonza njinga za kabaza pamsika kukapempha sipoko, ndinaipinda ndi pulayazi, tomangira take ndinasema kuchokera ku chivindikiro cha bolopeni. Ikugwira, sindikana. Koma kulira kwake! Mabatani ena onse akuti du du du mofatsa, tsanya ikumeza phokoso bwinobwino, kenako ukafika pa sipesi gwedegwede ngati ngolo ya abulu pa msewu wa ku East Bank. Ndipo sipesi ndi batani lomwe umadina kuposa ena onse, mawu aliwonse ukamaliza gwede, mawu ena gwede. Kalata ino yokha ndamva gwede kambirimbiri. Ndayesa kukulunga ulusi, inayamba kukakamira. Ndayesa kachidutswa ka chubu cha njinga, inakhala chete tsiku limodzi. Ndinapaka mafuta odzola a mwana, kutentha kwa kuno pofika masana anali atasungunuka nkuyenderera mpaka pa diode, fumbi lonse la mathirakitala a nzimbe nkumatirira pomwepo, ndinachita kumasula zonse kupukuta ndi sipiriti. Usiku ndikagona ndimaimva m'mutu. Lamulungu ku tchalitchi mpando wa kutsogolo kwanga umagwedera mwendo umodzi, ulaliki wonse ine maganizo ali pa sipoko, mwina ndi yonenepa kwambiri, mwina ndinapinda mopitirira mbali imodzi. Mlamu wako akuti iye sakumva kusiyana kulikonse. Chisomo naye akuti sakumva. Fatsani anamvetsera nkunena kuti ikumveka bho. Anthu atatu! Koma ilipo aise, ilipo, ndikakujambulira uimve wekha ndipo usandinamize.

Ndiye ulendo uno lemba pa dzanja. Maswichi awiri, kapena utumize asanu kuti ukaphonyanso masamu tipezekebe tili bwino. Stabilizer ya 2u, kutanthauza ya batani lotenga malo a mabatani awiri, yomangirira pa chitsulo osati ya pa PCB. Ndi girisi uja amati Krytox 205g0, amagulitsa mu timabotolo tating'ono, kamodzi kakwana. Zoti undigulire timagetsi ta mitundumitundu toyaka pansi pa mabatani usiye, ndakana. Ukufuna tsanya ya bambo izioneka ngati minibasi ya ku Ndirande usiku? Iwe Joni wakuononga, unachoka kuno ukudziwa chinthu chokongola.

Zipewa za mabatani zija ndiye wandikondweretsa, ndisaname. Zoyera mwa mkaka ndi zotuwa, ndendende mitundu ya kiyibodi ya IBM Model M ija inatuluka mu 1985, yolemera pafupifupi makilo awiri, yokhala ndi sipuling'i yopindika mkati mwa batani lililonse. Ndinaigwirapo kamodzi mu stoo ya ofesi ina ku Blantyre ili pa mulu wa zotaya, mpaka lero ndimadandaula kuti sindinapemphe. Ndayang'ana kuseri kwa paketi, ndi pulasitiki wa mtundu wa PBT, ndipo zilembo zake zinalowetsedwa mkati mwa pulasitiki ndi utoto, sizifufutika. Zija za pulasitiki wa ABS kuno sizichedwa, miyezi ingapo zayamba kunyezimira ndi thukuta, zoyera nkusanduka zachikasu ngati mano a fodya.

Chinthu chimodzi ndachita chomwe palibe kiyibodi ya mu shopu ingakupatse. Ndaika ŵ. Wa kachipewa uja. Bambo akamaliza kutayipa ankatenga bolopeni yakuda nkumayenda mzere ndi mzere kuika tizipewa pamanja, Malaŵi, maŵa, ankati w wopanda chipewa pamalo pofunika chipewa ndi ulesi. Masiku ano anthu anasiya, ngakhale ine mu kalata muno sindikumuika paliponse, koma ndinafuna akhalepo basi. Zinanditengera masiku awiri kuti kompyuta imuzindikire. Atatuluka koyamba pa sikirini ndinakhala kaye chete, kenako ndinapita kukawaonetsa mayi pa laputopu, anayang'ana nthawi yaitali nkufunsa kuti ndani wajambulapo. Maso awo akuvuta tsopano, shuga uja wakwera, mwezi wathawu tinagona nawo ku chipatala masiku anayi. Ku dimba chaka chino sitinapite, mbali yathu ija Shire anadya, pomwe panali mango aja pano ndi pakati pa madzi. Mbuzi zatsala zitatu.

Mwanayu dzina sitinamupatse, mayi akuti adikire iwe unene poti ndiwe unaperekeza ukwati, ndiye usachedwe, ndipo usatipatse dzina lokhala ndi Q kapena X mpaka maswichi afike. Disembala ukubwera kapena ayi? Undiuze zoona, usamangoti tiona. Ukabwera udzalembepo wekha, udzamve mmene tsanya imayankhira, bola pofika nthawi imeneyo sipesi idzakhale itakhala chete, chifukwa ndaganiza kuti mwina vuto si sipoko ayi koma bowo lomwe ndinaboola la kumanja, likuoneka ngati lakula ndi kachidutswa kochepa kwambiri, ndiye ndikati ndimatepo kachitsulo kenako nkusetanso mwina, koma magetsi apita kalekale, laputopu ikuti 3% ndipo mwana wayamba kulira, mawa ndikayesa ndi